Mary Shelley: mwana wamasiye amene analemba za kholo lothawa mwana wake

Funso lachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Chingelezi kusekondale. Akuti: "Ndamva kuti buku la Frankenstein analemba ndi mtsikana wa zaka 18, ndipo analilemba chifukwa ana ake ankangomwalira. Ena akukana, akuti mtsikana sangalembe zoterozo, analemba ndi mwamuna wake. Zoona ndi ziti? Nanga moyo wa m'banja mwake unalowa bwanji m'buku loopsa chonchi?"

Mayi, mwafunsa za munthu amene ndakhala naye m'mabuku kwa zaka zambiri, ndiye mundilole ndifotokoze mofatsa. Bukuli analemba ndi Mary mwini wake. Analiyamba mu 1816 ali ndi zaka 18, ndipo linatuluka pa 1 Januwale 1818 ali ndi zaka 20. Nkhani ya ana ija ili ndi choona chake, koma imafunika kuyang'ana madeti, chifukwa maliro ambiri amene anthu amawatchula anagwa buku litatuluka kale. Chimene ine ndimachiona pakati penipeni pa bukuli ndi ichi: munthu wabweretsa moyo padziko, wauyang'ana kamodzi, n'kuthawa. Mary ankaudziwa ululu umenewu mbali zonse ziwiri, monga mwana komanso monga mayi.

Tiyambire pa kubadwa kwake. Anabadwa pa 30 Ogasiti 1797 ku Somers Town, mumzinda wa London. Mayi ake anali Mary Wollstonecraft, amene mu 1792 analemba buku lotchuka loteteza ufulu wa amayi, A Vindication of the Rights of Woman. Bambo ake anali William Godwin, woganiza mozama pa zandale amenenso ankalemba nthano zazitali. Mwana anabadwa bwinobwino, koma zotsalira za m'chiberekero zinakana kutuluka. Anaitanitsa dokotala amene anazichotsa ndi dzanja pang'onopang'ono, m'nthawi imene madokotala anali asanadziwe kuti manja osasamba amanyamula matenda. Thupi la mayiyo linayamba kutentha ndi kunjenjemera, ndipo pa 10 Sepitembala anamwalira, khanda lili ndi masiku 11 okha. Choncho Mary anakula akudziwa kuti tsiku limene iye anabwera ndi limene linatsegula njira ya imfa ya mayi ake.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandikhudza nthawi zonse. Mayiyo anaikidwa kumanda a tchalitchi cha St Pancras, ndipo pamwala wa pamanda panalembedwa dzina lakuti Mary Wollstonecraft Godwin. Limeneli linalinso dzina la mwanayo, lathunthu, osasiyana ngakhale chilembo chimodzi. Mtsikanayu ankakonda kupita kumandako ndi mabuku, kukakhala pambali pa mwala umene unali ndi dzina lake lomwe, n'kumawerenga zimene mayi ake analemba. Mayi ake anawadziwira m'mapepala basi. Mawu awo ankawamva ndi maso, nkhope yawo ankaiona pachithunzi chopachikidwa m'nyumba ya bambo ake.

Godwin, mwachisoni chake, anachita chinthu chimene chinawononga dzina la mkazi wake. Mu 1798 anasindikiza mbiri ya moyo wa malemuyo osabisa kanthu: kuti mwana wake woyamba, Fanny, anabereka ndi Gilbert Imlay kunja kwa ukwati, ndiponso kuti anayesapo kudzipha kawiri. Iye ankaona ngati akulemekeza choonadi, koma anthu a ku England a nthawi imeneyo anangopezapo potukwanira. Mary anakula ndi mayi amene m'nyumba ankatamandidwa koma kunja ankanyozedwa.

Mu 1801 Godwin anakwatira Mary Jane Clairmont, amene anabwera ndi ana ake awiri, Charles ndi Jane (ameneyu pambuyo pake anadzitcha Claire). Kenako kunabadwanso mwana wamwamuna, William. M'nyumba imeneyo munali ana asanu, ndipo panalibe awiri amene anali a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Mary sankagwirizana n'komwe ndi mayi ake omupeza. Olemba mbiri ambiri amawada mayi amenewa, koma ine ndimaona kuti tiyenera kuwachitira chilungamo: ndi iwo amene ankagwira ntchito yaikulu pa bizinesi ya banjali yosindikiza ndi kugulitsa mabuku a ana mumsewu wa Skinner, pamene ngongole zinkawazinga chaka ndi chaka. Ngakhale zinali choncho, mkangano unakula moti mu 1812 Mary anatumizidwa kutali, ku Dundee m'dziko la Scotland, kukakhala ndi banja la a Baxter.

Atabwerako mu 1814 ndi pamene anakondana ndi Percy Bysshe Shelley, mnyamata wolemba ndakatulo wochokera kubanja lolemera, amene ankabwera kunyumbako monga wotsatira maganizo a Godwin ndiponso ankamuthandiza ndi ndalama. Malo awo okumanirana anali kumanda komwe kuja. Percy anali ndi mkazi, Harriet, yemwe anali ndi mwana wamng'ono ndiponso anali woyembekezera. Izi sitiyenera kuzilambalala tikamafotokoza nkhani ya chikondi chawo, chifukwa Harriet anasiyidwa popanda cholakwa. Pa 28 Julayi 1814 Percy ndi Mary anathawira ku France, Mary ali ndi zaka 16, ndipo Claire anapita nawo. Ndalama zitawathera anabwerera mu Sepitembala, n'kupeza kuti Godwin watseka chitseko. Bambo amene analemba m'mabuku ake motsutsa mwambo wa ukwati anakana kulankhula ndi mwana wake kwa zaka zoposa ziwiri, komabe ndalama za Percy anapitiriza kuzifuna. Kwa Mary, amene ankakonda bambo ake mopitirira, limeneli linali bala lakuya.

Tsopano tifike pa mwana. Pa 22 Febuluwale 1815 Mary anabereka mwana wamkazi, miyezi isanakwane. Pa 6 Malichi anadzuka n'kupeza khandalo litamwalira. Patapita masiku ochepa analemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti analota mwana wake atakhalanso ndi moyo, kuti anali atangozizidwa chabe, ndipo atamusisita pafupi ndi moto anatsitsimuka; koma podzuka anapeza palibe mwana. Mayi, mtsikana wa zaka 17 ndi amene analemba zimenezi. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi mayi wotaya khanda amadziwa maloto otere. Sindinena kuti loto limeneli ndilo linabala buku, koma n'zovuta kuwerenga za munthu wofuna kubwezera moyo m'thupi lozizira osakumbukira moto umenewo.

Mu Januwale 1816 anabereka mwana wamwamuna, n'kumutcha William, dzina la bambo ake omwe sankamulankhulawo. M'chilimwe cha kwawoko chaka chomwecho anapita ku Geneva, kumene anakumana ndi Lord Byron, wolemba ndakatulo wotchuka, ndi dokotala wake, John Polidori. Nyengo inali yachilendo. Phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika mu Epulo 1815, ndipo phulusa lake linaphimba dzuwa moti chaka chotsatira ku Europe kunali mvula, kuzizira ndi njala. Atatsekeredwa ndi mvula m'nyumba ya Byron yotchedwa Villa Diodati, m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, ankawerengerana nthano za mizukwa zochokera ku Germany, mpaka Byron ananena kuti aliyense alembe yakeyake. Mary anafotokoza pambuyo pake kuti kwa masiku angapo sanapeze choti alembe. Ankangomvetsera amunawo akukambirana za gwero la moyo, ndi ngati magetsi angadzutse thupi lakufa. Nkhani imeneyi inali m'kamwa mwa ophunzira ambiri: Luigi Galvani anali atasonyeza kuti miyendo ya chule wakufa imagwedezeka ikakhudzidwa ndi magetsi, ndipo mu 1803 Giovanni Aldini anayesa zomwezo ku London pa mtembo wa munthu wonyongedwa. Usiku wina, tulo titamuthawa, Mary anaona m'maganizo mwake wophunzira wagwada pambali pa chinthu chimene walumikiza, chinthucho n'kuyamba kusuntha.

Mukafuna kumvetsa bukuli, khalani nthawi yaitali pa usiku umene Victor Frankenstein, wophunzira wa m'nthanoyi, akumaliza ntchito yake yolumikiza thupi ndi kulipatsa moyo ku Ingolstadt, m'dziko la Germany. Ndi mu Novembala, cha m'ma 1 koloko usiku, mvula ikuwomba pawindo, kandulo yatsala pang'ono kutha. Wavutikira ntchitoyi pafupifupi zaka ziwiri, osagona mokwanira, osalembera kalata abale ake. Diso lachikasu likutseguka. Victor akuona khungu lachikasu losakwanira kubisa mitsempha, milomo yakuda, ndipo nthawi yomweyo mtima wake ukutembenuka. Akuthamangira kuchipinda chogona, akugwa m'tulo, n'kulota akupsompsona Elizabeth, bwenzi lake, koma m'manja mwake Elizabeth akusanduka mtembo wa mayi ake omwalira. Podzidzimuka, akuona cholengedwa chake chaima pambali pa bedi, chakweza katani, chikuyesa kutulutsa mawu, tsaya likukwinyika ngati kumwetulira, dzanja limodzi chatambasulira kwa iye. Victor akuthawira panja.

Taonani bwino pamenepa. Cholengedwacho sichinapweteke munthu aliyense. Chachita zimene khanda lililonse limachita: kuyang'ana nkhope yoyamba, kulira mosamveka, kutambasula dzanja. Ndipo Mary anaika mtembo wa mayi pakati penipeni pa usiku wa kubadwa kumeneku, monga momwe zinakhalira pa kubadwa kwake iye mwini.

Ndikamafotokoza nkhaniyi m'Chichewa ndimakumana ndi vuto limene limandiphunzitsa kanthu. Kodi ndinene kuti "chinadzuka" kapena "anadzuka"? Chilankhulo chathu chimatikakamiza kusankha pa mneni aliyense ngati tikunena za munthu kapena za chinthu. Mwaona kuti nanenso ndakhala ndikuti "chaima", "chatambasula", ndipo potero ndaima mbali ya Victor, amene sanamupatse dzina ngakhale limodzi koma kumangomutukwana kuti chiwanda, chilombo. Anthu ambiri lero amaganiza kuti Frankenstein ndi dzina la chilombocho, pamene ndi dzina la womupanga. Kuyambira pano ndinena kuti "iye", chifukwa pakati pa bukuli Mary akumupatsa mpata wolankhula yekha, ndipo amene akulankhulayo ndi munthu.

Iye akufotokoza momwe anadzilerera yekha. Anabisala m'kachisakasa kogundana ndi nyumba ya banja losauka la a De Lacey, n'kumasuzumira pa kampata. Ataona kuti ndi osauka analeka kuwabera chakudya, n'kuyamba kuwatolera nkhuni usiku ndi kuziunjika pakhomo pawo. Anaphunzira kulankhula pomvetsera, ndipo anawerenga mabuku atatu amene anatola, limodzi mwa iwo Paradise Lost la John Milton. Ameneyu ndi mwana wophunzira za chikondi cha m'banja poyang'ana banja la eni, ndi wodziwa chiyambi chake powerenga mapepala, ngati mtsikana uja wa kumanda a St Pancras. Tsiku limene analimba mtima kudziulula, nkhalamba yosaona inamulandira bwino, koma ana ake atalowa n'kumuona, mmodzi anamumenya ndi ndodo. Kupha kukuyamba pambuyo pa zimenezi. Atakumana ndi Victor pamapiri a madzi oundana akumuuza kuti anayenera kukhala Adamu wake, koma wasanduka ngati mngelo wothamangitsidwa popanda mlandu. Mary sakumuyeretsa ayi. Iye akupha kamnyamata kosalakwa, akuchititsa kuti mtsikana wantchito, Justine, anyongedwe pa mlandu umene sanapalamule, akupha mnzake wa Victor, akuphanso Elizabeth usiku wa ukwati. Koma wowerenga sangaiwale amene anayamba kuthawa.

Pamene Mary ankalemba zimenezi, maliro awiri anagwa motsatizana. Mu Okutobala 1816 mkulu wake Fanny, mwana uja amene analibe bambo kapena mayi womubereka m'nyumba ya Godwin, anamwa mankhwala n'kufera m'nyumba ya alendo ku Swansea. Mu Disembala mtembo wa Harriet unapezeka m'madzi a Serpentine ku Hyde Park. Pa 30 Disembala Mary ndi Percy anamanga ukwati, ndipo Godwin anayambanso kulankhula ndi mwana wake. Buku litatuluka, makope 500, lopanda dzina la wolemba, patsamba loyamba panalembedwa kuti laperekedwa mwaulemu kwa William Godwin. Mwana amene anatsekeredwa chitseko anapereka kwa bambo ake buku lonena za bambo wotaya mwana.

Apa ndi pamene ndikuti tisamale ndi madeti. Kamnyamata kamene kakuphedwa m'bukuli dzina lake ndi William, ndipo ophunzira ambiri amafulumira kunena kuti Mary ankalira mwana wake. Ayi. Pamene ankalemba, William wake anali moyo, akukwawa pafupi naye. Analinso dzina la bambo ake ndi la mlongo wake. Ngati pali chimene dzinali likuulula, ndi mantha a mayi amene anataya kale mwana mmodzi. Chisoni chachikulu chinali chisanafike.

Za mwamuna wake, umboni ulipo ndipo ndi wooneka ndi maso. Mapepala ambiri amene bukuli linalembedwapo akusungidwa ku Bodleian Library ku Oxford. Ali m'malembedwe a dzanja la Mary, ndipo dzanja la Percy likuoneka m'mphepete ndi pakati pa mizere, akukonza mawu ndi kuwonjezera ziganizo. Katswiri wina, Charles Robinson, amene anaunika mapepalawa tsamba ndi tsamba, anapeza kuti mawu a Percy ndi pafupifupi 4,000 mpaka 5,000 m'buku la mawu oposa 70,000. Imeneyo ndi ntchito ya mkonzi. Percy analembanso mawu oyamba a buku la 1818, ndipo zimenezi pamodzi ndi kusowa kwa dzina la wolemba n'zimene zinayambitsa mphekesera. Ine ndimamva chisoni kuti patha zaka zoposa 200 ndipo anthu akukayikirabe, makamaka chifukwa wolembayo anali mtsikana. Percy atamwalira Mary analembabe mabuku ambiri, palibe womugwira dzanja.

Mu Malichi 1818 banjali linasamukira ku Italy ndi ana awiri, William ndi Clara, amene anabadwa mu Sepitembala 1817. Clara anamwalira ku Venice mu Sepitembala 1818, atadwala pa ulendo wautali wa m'nyengo yotentha umene Percy anaumiriza chifukwa cha nkhani ya mwana amene Claire anabereka ndi Byron. Mu Juni 1819 William anamwalira ku Rome ndi malungo, ali ndi zaka zitatu, matenda omwewa amene akutitengerabe ana kuno kwathu. Ali ndi zaka 21, Mary anali atabereka ana atatu n'kuwaika onse. Anakhala chete, anatalikirana ndi mwamuna wake, ndipo bambo ake m'malo momutonthoza anamulembera makalata omudzudzula kuti akulira mopitirira muyeso ngati munthu wamba. M'miyezi imeneyo analemba kabuku kotchedwa Mathilda, konena za mtsikana amene mayi ake anamwalira pomubereka ndi bambo amene chikondi chake pa mwanayo chinapotoka. Anakatumiza kwa Godwin kuti akasindikize. Godwin ananyansidwa nako, sanakasindikize ndipo sanakabweze. Kanatuluka mu 1959.

Mwana wachinayi, Percy Florence, anabadwa mu Novembala 1819, ndipo ndi yekhayo amene anakula. Mu Juni 1822, ali m'nyumba ya m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Lerici, Mary anapita padera n'kutaya magazi ambiri. Dokotala anali kutali, ndipo Percy anamukhazika m'bafa la madzi oundana mpaka magazi analeka. Anapulumutsa moyo wake. Pasanathe mwezi, pa 8 Julayi, boti la Percy linamira pa mphepo yamkuntho. Mary anakhala mkazi wamasiye ali ndi zaka 24.

Gawo la moyo wake lotsatirali anthu salikamba kwambiri, koma kwa ine ndi limene limasonyeza kulimba kwake. Anabwerera ku England mu 1823. Apongozi ake aamuna, Sir Timothy Shelley, poyamba ananena kuti adzathandiza mwanayo pokhapokha mayi ake atamupereka kuti akaleredwe ndi ena. Mary anakana. Pambuyo pake Sir Timothy anavomera kupereka kandalama kochepa, koma analetsa kuti Mary asalembe mbiri ya mwamuna wake. Choncho anadzidyetsa ndi cholembera: nthano zazifupi za m'magazini, mbiri za olemba a ku Italy, Spain ndi France, mabuku ngati Lodore ndi Falkner, ndipo pa ndalama zomwezo ankathandizanso bambo ake okalamba mpaka anamwalira mu 1836. Mu 1826 anatulutsa The Last Man, lonena za mliri umene ukupha anthu onse padziko n'kutsala munthu mmodzi. Ngati mukufuna buku limene linabadwadi m'maliro, ndi limeneli, pakuti analilemba Percy ndi Byron atamwalira, ana atatu ali m'manda. Mu 1839 anasonkhanitsa ndakatulo za mwamuna wake, ndipo popeza mbiri inali yoletsedwa, anailowetsa m'mawu ofotokozera ndakatulozo.

Mu 1831 anakonzanso Frankenstein, ndipo kope limeneli ndi limene limapezeka kwambiri m'masukulu. Muone limene muli nalo, chifukwa akusiyana. Mu 1818 Elizabeth ndi msuweni wa Victor, pamene mu 1831 ndi mwana wamasiye wotoledwa. Mu 1818 Victor akuoneka kuti akanatha kusankha mwina. Mu 1831 akulankhula kwambiri za tsoka limene linamulondola, ngati munthu wogwidwa ndi mphamvu yoposa iye. Ine ndimakonda la 1818 chifukwa silimupatsa Victor pobisala, koma ndimamvetsa mayi amene, atataya zonsezo, anayamba kuona moyo ngati chinthu chimene munthu sachiwongolera. M'mawu oyamba a 1831 akutcha bukuli mwana wake wonyansa, n'kulitsanzika kuti lipite likachite bwino, akunena kuti amalikonda chifukwa linabadwa m'masiku achimwemwe, pamene imfa ndi chisoni zinali mawu chabe kwa iye. Mawu amenewa amandipweteka, pakuti tikudziwa kuti pofika 1816 anali ataika kale khanda. Zimene zinabwera pambuyo zinali zolemera moti masiku amenewo ankawakumbukira ngati owala.

Sir Timothy atamwalira mu 1844, Percy Florence analandira chuma cha banja, ndipo Mary anapuma pa nkhawa ya ndalama. Zaka zake zomaliza anakhala ndi mwana wakeyo ndi mpongozi wake Jane, amene ankamukonda kwambiri. Anamwalira ku London pa 1 Febuluwale 1851 ali ndi zaka 53, atavutika nthawi yaitali ndi mutu. Anali atapempha kuti aikidwe pamodzi ndi makolo ake, choncho mwana wake ndi mpongozi wake anafukula mafupa a Godwin ndi a Wollstonecraft ku St Pancras n'kukawaika limodzi naye kumanda a tchalitchi cha St Peter ku Bournemouth.

M'kalasi mwanu, mayi, ndingakondwe mutawawerengera ophunzira ndime ya usiku wa Novembala ija mokweza, musanawauze kalikonse za moyo wa wolemba. Kenako muwapemphe aifotokoze m'Chichewa, ndipo mumvetsere amene ati "chinatambasula dzanja" ndi amene ati "anatambasula dzanja". Mukatero muwauze za mwala wa ku St Pancras ndi za loto la pamoto lija.